Njovu ya Mateyala Awiri ndi Mame Ake

Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Ankachenjeza munthu amene zamuyendera kuti asaiwale anzake oyenda pansi, amene udzu wam'mawa ukuwanyowetsa mpaka m'mawondo. Mwambiwu ndi wabwino ndithu, koma amene anaupeka sanakwerepo kabaza. Akanangokwera kuchokera ku Chinsapo kupita m'tauni, akanadziwa kuti masiku ano wokhala pamsana ndi amene amatola mame onse, ndipo mame ena ndi otentha.

Njovu za lero zili ndi mateyala awiri. Zina amazitcha Lifo, zina King Lion, zina Boxer. Zadzaza m'masiteji a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo zimakafika kumene minibasi imakana kupita, choncho tisazinyoze. Koma taonani mmene malo anagawidwira. Woyendetsa amakhala pakati pa mateyala awiri, pamene kugwedezeka kumachepa. Manja ali pa mahandulo, mapazi ali pa zopondera zolimba, lamanzere likusintha magiya, lamanja likusamala buleki ya kumbuyo. Dzenje amaliona lisanafike, n'kudzuka pang'ono pa mpando. Inuyo amene mwalipira mwakhala pamwamba penipeni pa teyala lakumbuyo, maso anu akuona nkhongo ya munthu, ndipo za dzenjelo mumamva kwa msana wanu zitachitika kale. Ndiye wokwera njovu weniweni ndi ndani pamenepa?

Ufulu wonse wa wokwera kumbuyo uli pa tizitsulo tiwiri topindika, kamodzi uku kamodzi uku, timene timatchedwa zopondera. Njinga ikamachoka m'sitolo tonse timakhalapo, tokutidwa ndi labala, tikupindika ndi kutambasuka mwaulemu. Ipatseni miyezi ingapo ya matumba a makala, mabelo a kaunjika ndi mbuzi zomangidwa ndi malegeni, muone. China chimathothoka n'kutsala bawuti yokha. China chimakhwepa n'kumayang'ana pansi mwamanyazi, moti phazi limangotsetsereka. China labala inatha kalekale, chatsala chitsulo chosalala chimene mvula ikagwa sichigwirizana ndi silipasi. Ndiye pali china chopangidwa ndi wowotcherera wa pamsika, cholimba zedi, koma chokwera kuposa chinzake, moti mumafika kuntchito mutapendekera mbali imodzi mpaka masana.

Mukafunsa, yankho limakhala lokonzeka kale.

"Achimwene, kodi popondera mbali ino palibe?"

"Pondani pa bawutipo, bwana, ndi yolimba imeneyo."

"Nanga ndikatsetsereka?"

"Aaa, sizinachitikepo. Tiyeni, gwirani bwino."

Mawu akuti sizinachitikepo ndiwo aja akuti kunja kulibe mame. Mnyamatayo sakunama ayi. Kwa iye sizinachitikepo, chifukwa mapazi ake sanapiteko kumbuyoko chigulireni njingayo.

Mame a kumbuyo ali m'magulu atatu. Pa njinga zambiri zimene timakwerazi, kumanja kuli ekizozi, imene imatentha moti kuikhudza kamodzi kokha khungu limatsala pomwepo. Yendani m'misika muyang'ane akatumba a anthu: chipsera chozungulira pa mwendo wamanja ndi lisiti lokhalo limene kabaza amapereka. Kumanzere kuli tcheni, imene imakonda zingwe za nsapato ndi m'mphepete mwa thalauza. Pakati pali masipokosi, amene sasankha, chidendene cha mwana kapena cha agogo amangolandira. Akuluakulu omwewo anatinso ukayenda siya phazi, koma sankatanthauza kuti ulisiye m'masipokosi pa msewu wa ku Ndirande. Madokotala a mafupa a pa Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth akhala akudandaula za kuchuluka kwa ovulala pa ngozi za njinga zamoto, ndipo miyendo ndi imene imakumana nazo kwambiri.

Ntchito ya zopondera si yongosungira mapazi. Woyendetsa akaponda buleki mwadzidzidzi, mapazi ndi amene amaletsa wokwera kuti asakagunde msana wa mnzake. Pa hampu, munthu amatsamira pa mapazi n'kudzuka pang'ono kuti mawondo alandire kugunda m'malo mwa msana. Amene mapazi ake akungolendewera amasunthasuntha kufuna pokhazikika, ndipo kusuntha kulikonse kumagwedeza njinga yonse. Choncho woyendetsa amene akuti zopondera ndi nkhani ya pasenjala yekha akuiwala kuti akagwa agwera limodzi.

Nanga amayi a chitenje? Anzathu a ku India, kumene kampani ya Bajaj imapanga njinga za Boxer, anaona vutoli kale chifukwa amayi awo amavala sari ndipo ambiri amakhala chammbali. Malamulo awo amati njinga yonyamula munthu kumbuyo ikhale ndi pogwira, popondera, komanso chotchinga chophimba theka la teyala lakumbuyo kapena kuposerapo, kuti nsalu isakoledwe. N'chifukwa chake njinga zambiri za kumeneko zimakhala ndi chotchinga chawaya kumanzere, pamodzi ndi popondera potambalala pokwana mapazi onse awiri. Kuno ena amachiona ngati cholemetsa njinga, n'kuchimasula. Koma chitenje cha ku Malawi ndi sari ya ku India, masipokosi amazidya mofanana.

Palinso nkhani ya mwambo imene opanga njinga sanaiganizire. Tangoganizani apongozi adwala usiku, ndipo njinga yokhayo m'mudzi ndi ya mkamwini wawo. Anthu awiri amene akakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire, lero akhale pa mpando umodzi. Kodi apongozi agwire m'chiuno mwa mkamwini? Ayi ndithu, bola kudwala. Chimene chingasunge ulemu wa banja pa ulendo umenewo ndi chitsulo chogwira cha kumbuyo ndi zopondera ziwiri zolimba. Mkamwini amene sasamala zopondera akuika pachiswe ukwati wake, chifukwa hampu imodzi yokha ingathe kubweretsa mlandu woti ankhoswe akhalire pansi.

Chosangalatsa n'chakuti kukonza kwake si kwa ndalama zambiri. Mabawuti ambiri a pamenepa amamangika ndi sipanala ya 12 kapena 14. Chopondera chokhwepa chimafuna kumangitsa nati n'kuikapo washala yoletsa kumasuka, kapena kusintha kapini kamene kamapindikirapo. Labala ikatha, ina imapezeka kwa ogulitsa zipangizo za njinga. Chitsulo chotchinga ekizozi chikasowa, chibwezeretsedwe. Zopondera zonse ziwiri zikhale pa msinkhu umodzi, ndipo phazi likaponda, chidendene chitalikirane ndi teyala komanso ekizozi.

Msinkhu wake ndi umene umafuna nzeru. Zikakwera kwambiri, munthu wamtali amakhala mawondo ali kukhosi, n'kufika miyendo itachita dzanzi. Zikatsika kwambiri, zimakhula pansi njinga ikapendekera pakona, ndipo pamenepo ulendo umathera m'ngalande. Pabwino ndi pamene ntchafu zagona bwino pa mpando, bondo lapindika mosakakamiza, phazi lonse likumva kuti laponda chinthu. Ofuna kuzisuntha apite kwa makaniko amene amaika chitsulo chowonjezera chomangidwa ndi mabawuti, osati kungowotcherera paliponse pamene ndodo yagwera. Mashoko a kumbuyo nawonso ali ndi masitepe owumitsira sipuling'i, ndipo wonyamula anthu tsiku lonse ayenera kuwakweza kuti njinga isamagwade pa dzenje lililonse. Mwana amene mapazi ake sakufika pa zopondera ndiye kuti nthawi yake yokhala yekha kumbuyo sinakwane, ngakhale atalira chotani.

Ifenso okwera tili ndi mbali yathu. Tizikwerera kumanzere, kumene kulibe ekizozi, komwenso ndi kumbali kwa msewu popeza kuno timayenda kumanzere. Titambasule zopondera tisanakhale, tikulunge chitenje pansi pa ntchafu, ndipo mapazi asachoke pamalo pake ngakhale njinga itaima pa maloboti. Kuchirikiza njinga ndi ntchito ya woyendetsa. Pasenjala wothandiza kwambiri, amene amatsitsa phazi pakona iliyonse, ndi amene amagwetsa anzake.

Komabe tisamalize mlandu wonse pa mnyamata wa pasiteji. Ambiri njinga si zawo. Madzulo aliwonse amayenera kupereka tageti kwa mwiniwake, atagula kale petulo, ife titamunenerera mtengo mpaka kutsala pang'ono kumulirira. Ndalama yotsala imapita ku chinthu chimene chingaimitse njinga: teyala, tcheni, pulagi, oyilo. Chopondera chikathyoka njinga imayendabe, ndiye chimadikira mwezi wamawa umene sufika. Amene wakwera njovu yaikulu kwambiri ndi bwana uja amene amawerenga ndalama pakhonde, amene njinga yake amaidziwa ndi maso okha. Ndi mmene zimakhalira paliponse: chinthu chimene chimapweteka munthu wina, osati wosunga sipanala, chimakhala chomaliza kukonzedwa. Benchi ya odikira pa ofesi imagwedera zaka ndi zaka pamene mpando wa abwana ukangolira pang'ono kalipentala amaitanidwa tsiku lomwelo.

Ndiye nayi mfundo yanga kwa apampando a masiteji onse, ndipo sikufuna msonkhano wa ku hotela kapena alawansi. Kamodzi pamwezi, woyendetsa aliyense, pamodzi ndi mwini njinga ngati angapezeke, akhale kumbuyo kwa njinga yake yomwe, mnzake ayendetse. Avale masilipasi, anyamule thireyi ya mazira pamiyendo, adutse msewu wafumbi wa ku Mtandire mvula itangokata. Akafunsa za popondera, amuuze kuti aponde pa bawutipo, ndi yolimba. Akatsika musamufunse kanthu. Ingomubwerekani sipanala.