Za Mita Imodzi ndi Theka

Kupalasa njinga kuli mitundu iwiri imene munthu wophunzira sayenera kuisokoneza: pali kupalasa kwa munthu wokhuta amene akufuna kuphwetsa mimba, ndiponso kupalasa kwa munthu amene mimba idaphwa yokha. Mtundu woyambawo ndi wofala ku Spain, kwawo kwa mpikisano wa Vuelta a España umene udayamba mu 1935, kumene anthu amavala zothina n'kumatsetsereka m'zigwa za mitsinje ya Ebro ndi Duero akusirira minda ya mpesa, popanda wangongole aliyense wowathamangitsa. Mtundu wachiwiri ndi umene mwini tsamba lino, mkulu wina wa ku Soche, adaulowa mosafunsidwa mu Okutobala 2025, pamene bungwe la MERA lidakweza petulo kuchoka pa K2,530 kufika pa K3,499 pa lita, nkhani imene makondakitala a minibasi adaimva tambala asanalire.

Lamulo la pamsewu ku Spain limati woyendetsa galimoto akamapitirira wapanjinga azisiya mpata wosachepera mita imodzi ndi theka, kumene ndi kunena kuti pafupifupi utali wa munsi, mtengo uja amayi amasinjira chimanga mumtondo. Pofuna kudziwa ngati mpata wotere umapezeka mu Blantyre, mkuluyu adabwereka njinga ya malume ake, imene mabuleki ake ndi chidendene cha wokwera, nabwerekanso munsi wa mayi a kunyumba, naumanga pa kaliyala ngati chida choyezera.

Zotsatira za kafukufukuyu n'zachisoni. Pa msewu wa Kenyatta, mpata wa pakati pa minibasi ndi chigongono cha wapanjinga sukwana munsi, sukwana mthiko, ndipo wofufuzayu adakafika m'tauni malaya ake atatenga utoto wa minibasi zitatu zosiyana. Chigwa chokongola chija nacho chilipo, pakuti Naperi ndi Mudi ndi mitsinje ndithu, kungoti m'malo mwa mpesa m'mbali mwake mumabala majumbo ndi matewera, ndipo fungo la Mudi lili ndi ubwino umodzi woti limapatsa wopalasa liwiro limene miyendo yake payokha sikadalipeza.

Komabe sikungakhale chilungamo kunena kuti mita imodzi ndi theka kulibe ku Soche. Dzenje lina la pafupi ndi kwawo adaliyeza, ndipo munsi udalowa chopingasa n'kutsala malo. Pobwerera madzulo, pamene chitunda chimasandutsa wokwera njinga kukhala wantchito wa njingayo, mpata wa pakati pa iye ndi ana omutsatira akuimba udali munsi umodzi ndendende. Anzake a kuntchito, atamva thukuta lake, akhala akusunga lamulo la ku Spain mokhulupirika kuposa eni ake, ndipo ena amaonjezera munsi wachiwiri mwa kufuna kwawo. Ngakhale mayi a kunyumba, usiku wa tsiku loyamba, adasunga mpata womwewo popanda wowaphunzitsa. Malipiro ake okha ndiwo adakanika kuyezeka, chifukwa pakati pa tsiku limene amatha ndi tsiku limene mwezi umatha pamafunika minsi ya Chilobwe yense.

Chimene chidamuthetsa nthabwala mkuluyu ndi anthu amene adakumana nawo m'bandakucha pa msewu wa Chikwawa, akukankha njinga zosenza matumba a makala atatu kapena anayi, mitsempha ili tolotolo m'khosi, atakwera zitunda zimene Miguel Indurain, amene adapambana Tour de France kasanu kuyambira 1991 mpaka 1995, akadaziyang'ana kawiri akadampatsa katundu wotere. Makala amenewo ndi omwe amaphika nsima ya anthu amene amawaimbira hutala kuti achoke mumsewu. Mitengo ikutha, n'zoona, ndipo aliyense amene adaona mmene phiri la Soche lidagumukira mu Malichi 2023 sangatsutse. Koma mzinda umene anthu ake ambiri alibe galimoto ukupitiriza kukonza misewu ngati kuti wapansi ndi wapanjinga ndi alendo osaitanidwa, pamene Spain idayamba mu 1993 kusandutsa njanji zakale kukhala njira za njinga. Kuno malo a wapanjinga ndi m'ngalande, ndipo amawapeza mwa kugweramo.

Kafukufukuyu adaimitsidwa pa tsiku lachisanu, osati chifukwa cha chubu chimene chidali ndi zigamba zambiri kuposa mphira, koma chifukwa mwini munsi adatulukira pakhomo mtondo uli m'manja. "Bambo a Junior, kodi lero tidya mita?" adatero iwo, ndipo wofufuzayu, poona mmene adaugwirira munsiwo ataulanda, adasunga yekha mpata wa mita imodzi ndi theka mpaka nsima itapsa.