Mbatata ikadali pamoto

Kwathu agogo akati "padangokhala", ife tinkayankha "tilitonse", nthano n'kutha moto usanazime. Kuno ku London ndakhala ndikuyankha "tilitonse" kuyambira 2011, pamene George R. R. Martin anatulutsa A Dance with Dragons, buku lachisanu la nthano yake ija ya mafumu olimbirana mpando. Lachisanu n'chimodzi kuli zii. Mwana wa achemwali wobadwa chaka chomwecho wayamba kumera tindevu.

Koma kukoma kwake, abale! Ndabwereza onse asanu mu sitima ya Northern line, n'kumapitirira siteshoni yanga ya Tooting Broadway mpaka kudzidzimukira ku Morden, kothera njanji. Bola njanjiyo ili ndi pothera. Anzanga owerenga, mbatata musaphule, sonkhezerani moto.