Tatsala Pang'ono

Mawu awiriwa ndinawanena katatu tsiku limenelo, ndipo katatu konseko ndinkadziwa kuti ndikunama. Amene ndinkamunamizayo anali mphwanga, mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka 13. Mayi ake anandipatsa m'manja m'mawa, nandiuza kuti, "Achimwene, ikamakwana 4 koloko akhale ali pakhomo pano." Nkhaniyi ndakhala nayo nthawi yaitali, ndipo ikandibwerera usiku tulo timabalalika.

Linali Loweruka m'mwezi wa Julaye, kumwamba kuli mbee. Mnzanga wina wa mu tauni ya Zomba anatibwereka njinga ziwiri za magiya, zamatayala onenepa amanomano, n'kutikweza pa galimoto yake msewu wokhotakhota uja mpaka ku Ku Chawe. Titangotsitsa njingazo, anyamata awiri olondolera alendo anatiyandikira. Wamkuluyo analankhula mwaulemu: "Bwana, tikuperekezeni. Kumtundaku anadulako mitengo, njira zinasokonekera." Ndinamuyankha kuti ine ndinaphunzira pa Chancellor College m'munsi momwemu, ndipo phirili ndinalikwera iye akadali kumsana kwa mayi ake. Sanatsutse. Anangoyang'ana mphwanga, amene anavala malaya a mikono yaifupi, nati, "Koma jekete atenge." Jeketelo linatsala m'galimoto, chifukwa ine ndinati kupalasa kumatenthetsa thupi.

Ndalama yolipira mnyamatayo ndinali nayo m'thumba. Ndinamukana chifukwa ndinkafuna kuti mphwanga aone kuti amalume ake phiri amalidziwa okha.

Munthu akaliyang'ana ali ku msika wa Zomba, phirili limaoneka ngati khoma. Pamwamba pake m'posiyana. Lili ngati mbale yaikulu: m'mphepete muli nsonga zozungulira, yaitali kuposa zonse ndi Malumbe, yopitirira mamita 2,000, ndipo pakati pali chigwa chimene mtsinje wa Mulunguzi umadutsamo popita m'damu lomwe limamwetsa mzinda. M'mbale imeneyi munabzalidwa paini m'mizeremizere, wambiri ndi mtundu wochokera ku Mexico, ndipo pakati pa mizereyo pamadutsa njira zosawerengeka. Ilipo misewu ya dothi yotulutsira mitengo pa malole, ilipo yolambulidwa kuti izitchinga moto m'chilimwe, tilipo tinjira ta ocheka matabwa ndi ta otola nkhuni. Zikwangwani n'zochepa. Kwa wokwera njinga amenewa ndi malo okoma kwambiri, chifukwa ungapalase ola lathunthu osakumana ndi galimoto, ukungomva fungo la utomoni ndi kukuwa kwa anyani patali. Koma mzere wina wa paini umafanana ndi unzake ngati mapasa.

M'mawa zonse zinayenda bwino. Tinaima pa mathithi a Williams, mphwanga anaviika mapazi m'madzi n'kuwachotsa msanga chifukwa cha kuzizira. Tinadutsa pa damu laling'ono la Chagwa, n'kukafika pa Emperor's View, pamene Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaima mu 1965. Chapafupi pali Queen's View, potchulidwa ndi ulendo wa amayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957. Pamenepo dziko limayalika pansi pako: madenga a tauni akunyezimira, nyanja ya Chilwa ikuyera chakum'mawa, Mulanje ataima patali. Mwanayo anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Amalume, ndiye kuti nyumba yathu ndi kadontho kaja?" Sindinamuonepo akusangalala choncho. Pamenepo m'pamene tinayenera kubwererera.

Pali china chimene ndinachita m'mawa womwewo chomwe sindingachidumphe. Tikutsetsereka pena pake, tinapeza amayi ndi atsikana akukwera, zikwanje ndi zingwe zili m'manja. Sindinachepetse liwiro. Ndinakuwa, "Njira! Njira!" ndipo iwo anadumphira m'ngalande. Titawapitirira ndinauza mphwanga kuti, "Anthu amenewa ndi amene akumaliza phiri lino."

Itakwana 1 koloko ndinati tipite ku Chingwe's Hole. Dzenje limeneli lili kutsidya lina la phiri, kumphepete koyang'ana chigwa cha Shire, ndipo anthu amasimba kuti makedzana mafumu ankaponyamo adani awo. Mphwanga anati miyendo yatopa. Ndinamuuza kuti ndikudziwa njira yachidule yodutsa pakati. Ndinali nditaona kale kamtambo kotuwa kakukwawa kuchokera chakum'mwera, mbali ya Mulanje, ndipo munthu aliyense wokulira kuno amadziwa kuti m'miyezi yozizira kamtambo kotero ndi chiperoni. Ndinakaona, ndinakazindikira, ndinapalasabe.

Njira yachiduleyo ndinkaikumbuka ndi mitengo. Ndinkadziwa kuti pamapeto pa nkhalango ya paini wamkulu pali mphambano, ndipo umakhotera kumanzere. Titafika, nkhalangoyo kunalibe. Kunali zitsa zokhazokha, utuchi, ndi timitengo tongobzalidwa kumene tofika m'chiuno. M'malo mwa mphambano imodzi panali njira zinayi zokumbika ndi matayala a malole. Ndinasankha imodzi mwachangu kuti mwanayo asaone kuti ndikukayika. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma apa panalibenso womufunsa, poti wodziwa uja ndinamusiya ku Ku Chawe.

Chiperoni chinatipeza cha m'ma 3 koloko. Sichibwera ndi mabingu ngati mvula ya dzinja. Dzuwa linangozimirira, nkhungu inalowa pakati pa mitengo, kenaka kamvula kosamveka kanayamba kutinyowetsa tsitsi ndi malaya. Posakhalitsa sindinkathanso kuona mtengo wachisanu patsogolo panga. Mphwanga anafunsa ngati tayandikira. "Tatsala pang'ono," ndinatero. Kameneko kanali koyamba.

Tinazungulira. Ndikudziwa kuti tinazungulira chifukwa mwanayo anaima pa chitsa china chopserera, chokhala ndi botolo losweka pamwamba, nati, "Amalume, chitsa ichi tinachidutsa kale." Ndinamukalipira. Ndinati zitsa zonse n'zofanana, asamalankhule zinthu zosazidziwa. Anaweramitsa mutu. Botololo inenso ndinali nditaliona ulendo woyamba uja. "Tatsala pang'ono," ndinabwereza, mawu akutuluka mouma.

Kenaka tinafika potsetsereka. Masamba a paini akauma amayala pansi ngati mphasa, ndipo akanyowa amaterera ngati therere, mizu ndi miyala zitabisala pansi pake. Odziwa njinga za m'phiri akafika malo otere amabweza thupi kumbuyo kwa chishalo, n'kumagwira mabuleki onse awiri pang'onopang'ono. Ine nditaona chitsa chikutulukira m'nkhungu, ndinafinya buleki ya kutsogolo yokha ndi mphamvu zanga zonse. Tayala linaima, kumbuyo kunanyamuka, ndinadutsa pamwamba pa mahandulo n'kukagwera phewa, khu! Nditatsegula maso mphwanga anali atagwada pambali panga akundigwedeza, milomo yake itatuwa ndi kuzizira. Mkono wanga wamanzere unakana kunyamuka. Tayala la kutsogolo linali litapindika, masipoko atathothoka. Sipanala ndinalibe, pampu ndinalibe. Foni inali itatsala pang'ono kuzima chifukwa cha zithunzi za m'mawa zija, ndipo m'chigwamo netiweki munalibe. Madzi ndi mabanzi tinali titamalizira ku Emperor's View.

Tinayamba kuyenda wapansi, iye akukankha njinga yake, ine ndikukoka yanga ndi dzanja limodzi. Mano ake ankagundana, ndinkawamva. Anafunsanso, motsitsa mawu kwambiri, ndipo ndinamuyankha bodza lomwe lija kachitatu.

Patapita nthawi mitengo inatha. Tinkaponda udzu waufupi ndi miyala. Mphepo inasiya kutiwomba kumaso, inayamba kuchokera pansi, ikukwera m'miyendo. Mphwanga anali patsogolo panga masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi. Thupi langa lonse linachita nthumanzi. Ndinamuuza kuti aime pomwepo, asasunthe. Ndinatola mwala n'kuuponya patsogolo pake, m'nkhungumo. Ndinatchera khutu. Sindinaumve ukugwa.

Ndinamugwira lamba n'kumukokera kumbuyo, tinabwerera chafutambuyo mpaka msana wanga unagunda mtengo. Tinakhala pansi. Pamenepo ndinanena zimene ndinayenera kunena maola awiri m'mbuyomo: "Mphwanga, ndasochera. Sindikudziwa kumene tili." Iye anandiyang'ana, madzi akutsika m'masaya, osadziwika ngati ndi mvula kapena misozi. Anati, "Ndinadziwa kalekale, amalume. Ndimaopa kuti mundikalipiranso." Phewa linkapweteka, koma mawu amenewa ndi amene anandipyoza. Mwana anaona ngozi, anali ndi nzeru yotipulumutsa, ndipo ine ndinamutseka pakamwa.

Titakhala chete choncho m'pamene tinamva chikwanje, go! go! go! chakumbuyo kwathu. Tikanakhala tikuyendabe, phokoso la njinga likanatibisira. Ndinakuwa, "Odi kumeneko! Tithandizeni!" Chikwanjecho chinasiya. Patapita kanthawi mawu a mayi anayankha, "Ndani? Muziyankhula, tikutsateni." Anatulukira m'nkhungu mayi wachikulire ndi atsikana awiri. Mmodzi wa atsikanawo atangoona njinga anati, "Ndi aja anatikuwa m'mawa aja." Mayiyo anamudula: "Khala chete iwe, sukuona mwanayu?" Anamasula chitenje chapamwamba n'kumufunditsa mphwanga mutu ndi mapewa, namutikita manja. Kenaka anadula chingwe chake chomangira nkhuni n'kundikolekera mkono m'khosi.

"Bambo, kumene mumalowera uku n'kuphompho," anatero. "Mkati mwa phiri muno madzi amapita ku Mulunguzi. Mukasochera muzibwerera kumene kuli mitengo, mupeze kamtsinje, muzikatsata. Koma mphepo ikamachokera pansi, musapondenso patsogolo."

Anasenza mitolo yawo, nkhuni zazitali kuposa msinkhu wawo, ndipo anatitsogolera. Mayiyo ankayenda atavala patapata, m'nkhungu yomwe ija, osakayika pa mphambano iliyonse. Ankadziwa pamene panadulidwa chaka chatha, pamene panapsa, pamene lole linatitimira. Mtsikana yemwe anandizindikira uja ataona kuti ndikulephera, anagwira handulo ya njinga yanga ndi dzanja limodzi, lina likuchirikiza mtolo, n'kumandithandiza kukoka.

Sindikufuna kubisa kuti phiri la Zomba likutha. Amene analiona zaka makumi awiri zapitazo akabwera lero amagwira pakamwa, ndipo moto wa chaka ndi chaka, macheka ndi nkhwangwa zonse zili ndi mbali yake. Zimandipweteka, chifukwa mitengo ikatha pamwambapo, madzi a m'mipope ya m'tauni ndi amene amavutika. Koma ndikuyenda kumbuyo kwa mtolo uja ndinadzifunsa kuti nkhunizi zikupita kuti. Zimapita kwa ife. Zimakaphika nsima m'makomo mwathu magetsi akazima, ndipo matabwa amene anyamata amatsika nawo pamutu ndi omwe ali pa denga la nyumba yanga. Ine ndinakwera phirili kudzasewera, mayiyu anakwera kudzafuna chakudya cha ana, ndipo ndine amene ndinamuthamangitsira m'ngalande.

Tinafika pa damu la Mulunguzi kutada bii. Mnzanga uja anali pamsewu, magetsi a galimoto atayaka, ndipo pambali pake panali mnyamata wolondolera alendo wa m'mawa uja ndi anzake atatu, matochi ali m'manja, akukonzeka kulowa m'nkhalango kudzatifuna. Ndinayembekezera kuti andikumbutsa mawu anga. Iye anangofunsa, "Mwafika, bwana? Mwana ali bwino?" Anatenga jekete m'galimoto n'kumuveka.

Amayi aja anali asanafike kwawo. Anayenera kutsikabe Potato Path, njira yotsetsereka ija imene alimi a pamwamba ankatsitsira mbatatesi ku msika. Tinawapempha kuti akwere nafe, koma nkhuni zazitali choncho sizikanalowa m'galimoto yaing'ono, ndipo mayiyo anati mtolo sangausiye, ndi ufa wa mawa. Ndinakhuthula zonse zimene zinali m'thumba mwanga. Analandira ndi manja awiri. Mphwanga atayamba kuvula chitenje chija, anamuletsa: "Funda, mwanangu, ukunjenjemerabe." Ndinawayang'ana akulowa mumdima, mitolo ikugwedezeka. Dzina lawo sindinafunse.

Kwa achemwali tinafika 8 koloko itadutsa. Tinawapeza ataima pa geti, foni ili m'manja. Ndisanatsegule pakamwa, mphwanga anati, "Amayi, tayala linaphwa, n'chifukwa chake tachedwa." Ankandibisira mlandu, ndi bodza limene anaphunzira kwa ine tsiku lomwelo. Ndinamugwira paphewa, ndinati ayi, ndipo ndinafotokoza zonse ndili chiimire: za wolondolera alendo, za jekete, za chitsa cha botolo, za mwala umene sindinaumve ukugwa. Achemwali sanandilalatire. Anamutenga mwana wawo n'kulowa naye m'nyumba, chitseko n'kutseka.

M'mawa mwake kuchipatala anapeza kuti fupa la paphewa linathyoka, ndipo ndinayenda milungu isanu ndi umodzi mkono uli m'khosi. Mlungu wachiwiri achemwali anabwera kunyumba kwanga koyamba. Sanakhale pansi. Anaika patebulo chitenje chija, chochapa, chosita, chopinda bwino, nati, "Achimwene, mukabweze kwa mwini wake."

Ndapita katatu kumunsi kwa Potato Path, madzulo, nthawi imene amayi amatsika ndi nkhuni. Ndimaima pambali pa njira, chitenje chili m'manja, n'kumayang'ana nkhope iliyonse pansi pa mtolo. Loweruka likubwerali ndipitanso, ndipo mphwanga wati tipitire limodzi, chifukwa iye nkhope ya mayiyo akuikumbuka bwino.