Zigayo za Mphepo za ku Rotterdam ndi Thumba Limodzi la Chimanga

M'mphepete mwa nyanja yaing'ono ya Kralingse Plas, m'dera la Kralingen kum'mawa kwa mzinda wa Rotterdam m'dziko la Netherlands, muli zigayo ziwiri zoyendera mphepo. China ndi De Lelie, cha m'chaka cha 1777, ndipo chinzake ndi De Ster, chimene chinamangidwa koyamba mu 1829. Zigayo za padziko lapansi zili m'magulu awiri: zoyendera mphepo ndi zodikira magetsi. Mlembi wa danga lino ndi kadaulo wa gulu lachiwirili. Sabata yatha mwini chigayo cha kudera kwawo anakweza mtengo wogayitsira tini, ati chifukwa magetsi adula, kenaka magetsi odulawo anasowa kwa masiku atatu, mlembi ali pamzere ndi thumba lake.

Kagwiridwe ka chigayo cha mphepo n'kosavuta kumva. Pamwamba pali mapiko anayi. Woyendetsa chigayo amatembenuza mutu wake kuti uyang'ane kumene kukuchokera mphepo, n'kuyala zinsalu pa mapikowo ngati mphepo ili yofooka. Mapiko akazungulira amazunguza mtanda waukulu, mtandawo umazunguza magudumu a mano, ndipo magudumuwo amayendetsa mphero ndi minsi. Mphepo ilibe mita. Siigulidwa pa foni, ndipo palibe anamvapo chilengezo chopepesa kuti mawa mphepo idzazima kuyambira 5 koloko m'mawa chifukwa cha ntchito yokonza. Imaleka yokha nthawi zina, inde, koma ikaleka siikwera mtengo.

Chodabwitsa n'chakuti zigayo ziwirizi sizigaya chimanga. Ntchito yake ndi zokometsera zakudya, monga tsabola ndi sinamoni, komanso fodya wofwenkha. Masamba a fodya amanyikidwa m'madzi okometsera, amakulungidwa zolimba ndi chingwe n'kusungidwa nthawi yaitali kuti afunde bwino. Akatero amaikidwa m'migolo, mmene minsi yokhala ndi mipeni kunsi kwake imagwa mosinthana, kuwadula mpaka asanduke fumbi, kenaka n'kusefa. Kunena mwachidule, anthu anamanga nyumba yaitali ngati tchalitchi, naiveka mapiko, n'cholinga choti munthu ayetsemule. Agogo ake a mlembi ankagwira ntchito yomweyi ndi phale ndi kamwala, koma palibe mlendo anabwera kudzawajambula.

M'zaka za m'ma 1800 dziko la Netherlands linali ndi zigayo za mphepo zoposa 9,000. Makina a nthunzi, dizilo ndi magetsi atafika, zambiri zinagwetsedwa, ndipo lero zatsala pafupifupi 1,200. Za ku Kralingen zinapulumuka ngakhale pa 14 May 1940, pamene ndege za Germany zinaphwasula pakati pa mzinda wa Rotterdam. Zina mwa zigumukire za mzindawo zinakatayidwa kunyanja yomweyi. De Ster inapsa ndi moto mu 1962, koma anaimanganso zaka za m'ma 1960 zisanathe.

Inaimirira pa nthawi yake, chifukwa phokoso linali m'njira. Kuyambira pa 26 mpaka pa 28 June 1970, m'nkhalango ya Kralingse Bos yozungulira nyanjayi munachitika Holland Pop Festival, pasanathe chaka chichitikire chikondwerero cha Woodstock ku America. Kunafika achinyamata pafupifupi 100,000, a tsitsi lofika m'mapewa, okana nkhondo, tayi ndi malangizo a makolo. Kunaimba Santana, Jefferson Airplane, The Byrds, Canned Heat, T. Rex ndi Pink Floyd. Anthu ankagona panja, mvula inawanyowetsa, ndipo ambiri analowa osalipira, mwakuti okonza chikondwererocho anatuluka ndi ngongole. Zonsezi zinajambulidwa mu filimu ya Stamping Ground.

Apa mbiri ya ku Rotterdam ikukumana ndi ya mlembi. Chikondwerero ndi khamu la anthu losonkhana pafupi ndi chigayo kwa masiku atatu, likugona panja, likudikira phokoso. Pa tanthauzo limeneli, zimene zinachitika kwawo kwa mlembi zinali chikondwerero chokwanira. Khamu linalipo, lambiri la amayi okhala pa zidebe zawo. Msasa unalipo: matumba anandandalikidwa kuyambira pakhomo mpaka pa mtengo wa mango, lililonse lili ndi mwala pamwamba wosungira malo. Mvula inagwa tsiku lachiwiri, ndipo mlembi anavula jekete n'kufunditsa thumba, iye n'kunyowa, pozindikira kuti pa awiriwo amene akudikiridwa kunyumba ndi thumbalo. Woimba analipo mmodzi, tambala wa mwini chigayo, amene anaimba nyimbo imodzimodzi masiku onse atatu. Olowa ulere nawo sanasowe: nkhuku zinaboola thumba pangodya n'kudya osalipira.

Ku Kralingen utsi umene unakwera sunali wa fodya wa m'chigayo. Chamba chinasutidwa poyera, apolisi ovala wamba akuona, ndipo anasankha kusagwira anthu. Ambiri amati apa m'pamene panayambira khalidwe la dzikolo lolekerera chamba, ndipo mu 1976 lamulo linasinthidwa kuti lisiyanitse chamba ndi mankhwala oopsa kwambiri. Pa chikondwerero cha mlembi utsi unali wa mbaula ya mayi wogulitsa mbatata yootcha, amene ndi yekhayo anapindula.

Ku Rotterdam Pink Floyd inakwera pa nsanja usiku womaliza, kunja kutatsala pang'ono kucha. Kwawo kwa mlembi magetsi nawonso anafika usiku womaliza, anthu ali m'tulo. Injini italira, amayi anaimba nthungululu zimene Santana sanazilandirepo. Foni ya mlembi inalira nthawi yomweyo.

"Bambo a Chisomo, kodi mwakwatira kuchigayoko?"

"Ayi mayi, ndili wa nambala 14."

Lero zigayo za ku Kralingen zimayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo mu 2017 bungwe la UNESCO linaika luso loyendetsa zigayo za mphepo ndi za madzi la ku Netherlands pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe. Anthu aja amadzoza mafuta, kusintha matabwa owola ndi kusoka zinsalu za chigayo chimene palibe angagone ndi njala chitaima. Kuno chigayo ndiye nsima yeniyeniyo, koma mayi amene walima yekha, wakolola yekha, wasenza yekha, amagona pa simenti masiku atatu n'kulipira mtengo wokwera, ndipo palibe wa udindo amene amabwera kudzamuuza chifukwa chake. Zimenezo si zoseketsa, ndipo mlembi sanaseke.

Magetsi anakhala mphindi zokwanira matumba 13. Thumba la mlembi likadali pamzere, lili ndi mwala pamwamba, ndipo tsopano ndi loyamba. Amene ali ndi mtondo ndi munsi zosagwiritsa ntchito adziwitse mkonzi wa nyuzipepala ino.