Ine gulugufe, iwo dayatomu

Mayi a kunyumba agamula kuti pakhomo pathu pano pa Bangula pali zolengedwa ziwiri: iwo ndi dayatomu, ine ndine gulugufe. Nzeruzi azitola m'buku la bayoloje la mwana wathu wa Fomu 3, amene fizi yake, tisabise, amalipira ndi iwo.

Udindo wangawo ndinaulandira ndi manja awiri. Gulugufe amene amazungulira mtengo wa mandimu, uja azasayansi amati Papilio demodocus, ndi mnyamata wotchena: jekete yakuda ya madontho achikasu, kayendedwe ka bwana. Vuto ndi mbiri yake. Akadali mbozi amadzisandutsa ngati chitosi cha mbalame kuti asadyedwe, ntchito n'kukhala yokukuta masamba a mandimu a eni. Mukamukhudza amatulutsa tinyanga tonunkha. Akakula, amunawo amasonkhana pamatope, ngakhale pamene yakodza ng'ombe, n'kumayamwa timchere dzuwa lili paliwombo. Anzanga a pa bawo, musayang'ane kumbali, akunena tonse.

Dayatomu ndi ndere ya selo imodzi, yosaoneka popanda maikulosikopu. Ina inachita kutenga dzina la nyanja imene imabala Shire wathuyu, Aulacoseira nyassensis. Kanthu kameneka kamamanga nyumba yakeyake ya galasi ndi silika wa m'madzi, osakongola njerwa kwa munthu. Dayatomu zonse za padziko zimatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a okosijeni amene zomera zimapanga. Makakana a ku Elephant Marsh, dambo lija linalowa m'kaundula wa Ramsar mu 2017, amanenepera ndere zoterezi, kenako n'kudzagona pambale yanga. Amagula ndani? Funso limenelo tilisiye, kunja kukutentha.

Chimene chinawagwira mtima mayiwa ndi kaberekedwe kake. Nyumba ya dayatomu ili ndi mbali ziwiri, yaikulu yovundikira yaing'ono. Ikagawikana, mwana wotenga mbali yaing'onoyo amachepa, wakenso n'kucheperapo, mpaka mtundu kufota. "Bambo a mwana," anatero, "mpamba wanga wa mandasi umatero nthawi iliyonse mukati tigawane."

Ndinadzuka kuti nditeteze mtundu wathu. Ndinati gulugufe si mlesi, amanyamula mungu kuchoka pa duwa ili kupita pa duwa lina, ndipo popanda iye zomera zina sizingabereke.

Anasiya kukanda ufa, n'kundifunsa kuti maluwa enawo ndi a kwa yani.