Tsaya Lakumanja Ndi Langa

Ochita sewero:
ANAPHIRI, mayi wachikulire wophika mandasi, amene akulera mdzukulu wobadwira ku Joni
CHE JAFALI, neba wawo wogula ndi kuyanika usipa, amene anakhalako ku Joni

Malo: m'mudzi wina kwa Maganga, kufupi ndi Senga Bay, m'boma la Salima

(Mwera ukuomba, mafunde akumveka chapatali. Wina akusesa pabwalo. Chitseko cha mpanda wa bango chikutseguka mwaphokoso.)

CHE JAFALI: Odi kuno! Odi eni khomo!

ANAPHIRI: Odi wa m'mamawa chonchi, kwagwanji? Lowani, koma mpandawo musandigwetsere, bango lakwera mtengo.

CHE JAFALI: Sindilowa. Ndabwera ndi buku.

ANAPHIRI: Buku lanji? Akulembani ntchito ya kalembera?

CHE JAFALI: Buku la ngongole. Tamverani. Lachiwiri sabata yatha, usipa wofutsa, kungodya ya thandala, psiti. Lachitatu, psiti. Dzulo ndangopita kukamwa madzi, pobwera ndapeza mitu yokhayokha.

ANAPHIRI: Akhwangwala amenewo, Che Jafali. Chaka chino achuluka.

CHE JAFALI: Khwangwala wovala yunifolomu ya sukulu? Khwangwala wopereka moni m'Chizulu?

ANAPHIRI: Iii, mukunena Dalitso? Mdzukulu wanga? Mwana wodya katatu patsiku m'nyumba muno akabe bonya wanu?

CHE JAFALI: Si bonya, ndi usipa weniweni wa pa Nguwo, wogula ndi ndalama. Ndipo katatu mukunenako ndi ka kwanu kokha. Kachinayi ndi kachisanu amadzadyera kwathu.

ANAPHIRI: Nsanje basi. Mwaona mwana wasalala, khosi lachita mapindi, kabudula wa mu Januwale sakumangika, ndiye mtima ukukupwetekani. Ndi manja awa, nsima ya manja awa, mpunga wa ku Lifuwu wothira nsinjiro.

CHE JAFALI: Sindikukana. Tsaya lakumanzere ndi la nsima yanu. Koma lakumanja, wallahi, ndi langa. Ndikamuona akudutsa ndimachita kuona mpamba wanga ukugwedezeka pankhope pake.

ANAPHIRI: Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

CHE JAFALI: Ananena mawu amenewo analibe thandala.

(Tambala akulira. Tsache lagwetsedwa pansi.)

ANAPHIRI: Mwaiwala mmene anafikira mwana ameneyu? Nthiti zowerengeka, lamba wobooledwa mabowo ena awiri. Pamjigo anthu ankanong'onezana kuti amake am'tumiza kumudzi chifukwa ali ndi matenda aja. Ndipo amene anayambitsa manong'onong'owo ndi akazi anu.

CHE JAFALI: Akazi anga asiyeni, sali pano. Ine ndinadziwa tsiku loyamba lomwe kuti mwanayo sakudwala chilichonse cha mtundu umenewo. Ndinaona kabotolo kanali m'chikwama chake. Kali kuti kabotolo kaja, aNaphiri?

ANAPHIRI: Kabotolo kake kati?

CHE JAFALI: Ka mapilitsi, kolembedwa dzina lake. Kamene amake anakuuzani pa foni kuti azimwa m'mawa uliwonse asanapite kusukulu. Munaika foni pa sipika, mudzi wonse unamva.

ANAPHIRI: Ndiye mumakhala mwatsamira mpanda wanga kumvetsera za eni?

CHE JAFALI: Mpanda wabango sumasunga chinsinsi. Kali kuti?

ANAPHIRI: (motsitsa mawu) Kali m'sutikesi, pansi pa yunifolomu ya Mvano.

CHE JAFALI: Ehee!

ANAPHIRI: Musachite "ehee"! Inu mukanatani? Ndagula chambo, chambo chenicheni, ndaphika bwinobwino ndi tomato, mwana angotsina kamodzi n'kunena kuti gogo ndakhuta. Usiku anzake ali mtulo, iye maso gwa, kuwerenga mapaso a denga. Ndinati mankhwala omanitsa mwana chambo si mankhwala. Ndinawabisa. Pasanathe sabata anayamba kunyambita mbale.

CHE JAFALI: Ndiye mukuti ndi manja anu.

ANAPHIRI: Nanga ndi a ndani?

CHE JAFALI: Khalani pansi ndikuphunzitseni. Ine ku Randburg ndinagwira ntchito panyumba ina, kudula kapinga ndi kutsuka galimoto. Mwana wa bwana ankamwa mankhwala omwewo. Ritalin. Dzina lake lenileni methylphenidate.

ANAPHIRI: Mefili chiyani?

CHE JAFALI: Musadzilume lilime, ingonenani Ritalin. Amapatsa ana a vuto lotchedwa ADHD. Mwana wanzeru zake bwinobwino, koma maganizo sakhazikika pamodzi, thupi silikhazikika pampando, ndipo amachita chinthu asanaganize. Akuti mwa ana 100 alionse, pafupifupi 5 ali nalo. Kuno timangoti mwana wopulupudza, n'kuthyola kamtengo.

ANAPHIRI: Ndiye ndi mankhwala ogonetsa? Nanga bwanji sankagona?

CHE JAFALI: Ayi, ndi ogalamutsa.

ANAPHIRI: Aaa, apa ndiye mwanama poyera. Mwana wodumphadumpha kale mumupatse zogalamutsa? Azungu anu aja anakupusitsani.

CHE JAFALI: Inenso ndinafunsa choncho. Amagalamutsa mbali ya ubongo imene imauza munthu kuti "dikira kaye, maliza ichi". Muubongo muli timadzi totumiza mauthenga, tina amati dopamine, ndipo mankhwalawa amachititsa kuti tizikhalitsa pantchito. Tsono pogwira ntchito yomweyo amatsekanso njala. Mphamvu yake ikakhala m'thupi, mwana saona chakudya. Kamwana ka bwana kaja kankabwera nako kunyumba kabokosi ka chakudya cha kusukulu osakatsegula n'komwe.

ANAPHIRI: Ndiye ankadya ndani?

CHE JAFALI: Zimenezo sizikukhudza nkhaniyi.

ANAPHIRI: Hede! Ndi chifukwa chake munabwerako kuli chimimba! Kudya chakudya cha mwana wa eni, lero mukulondola mwana wanga ndi buku!

CHE JAFALI: Kutaya chakudya ndi tchimo. Ndimati, mwana akamwa mankhwalawa miyezi kapena zaka, sikelo imatsalira, ena ngakhale msinkhu umachedwerako pang'ono. Mukawasiya, njala ija imabwerera yonse. Thupi limakhala likubweza ngongole ya nthawi yonse ija, ndipo kwa ena limabweza ndi katapila yemwe. Ndiye onjezanipo vuto lake lenilenilo: dzanja limafika m'mbale mutu usanavomereze. Akaona usipa pathandala sayamba waganiza kuti uli ndi mwini.

ANAPHIRI: Ndiye mwavomera nokha kuti mwanayo si wakuba.

CHE JAFALI: Sindinati wakuba. Ndati usipa wanga watha. Wolakwa ndi amene anabisa kabotolo pansi pa yunifolomu ya Mvano.

(Mbuzi ikulira pafupi. Chidebe chagwa.)

ANAPHIRI: Psuu! Choka apo! Mbuzi izi wazimasula ndani? Dalitso! Ndinam'tuma kuti azimangirire kudambo!

CHE JAFALI: Ali kunyanja. Anayamba ulendo ndi chingwe m'manja, anaona anzake akukoka ngalawa, chingwe chili apo pa mtengo wa mango. Ndi zimene ndikunenazi. Nanga aphunzitsi sanakuitaneni mwezi watha?

ANAPHIRI: Aphunzitsi aja ndi okokomeza. Akuti amaimirira m'kati mwa phunziro, amayankha funso lisanathe, makope ataya atatu. Ndinawauza kuti agogo ake aamuna analinso choncho, ankapita kumunda khasu atalisiya pakhomo.

CHE JAFALI: Malemu aja? Amene anakwera basi ya ku Nkhotakota akupita ku Balaka? Vutoli limayenda m'magazi, madokotala amatero.

ANAPHIRI: Malemu amuna anga muwatchule bwino!

CHE JAFALI: Ndawatchula mwaulemu. Anali munthu wabwino, anandibwereka nkhafi n'kuiwala kuti anandibwereka.

ANAPHIRI: Nkhafi ija ili kwanu? Lembani m'buku lanulo, mbali yanga. Ndipo poti mwayamba za mabuku, nanenso ndili nalo langa. Mandasi anga akhala akusowa m'beseni, asanu lero, asanu ndi awiri mawa. Ndinkati ndi mphaka wanu.

CHE JAFALI: Mphaka wovundukula beseni n'kuvundikiranso?

ANAPHIRI: Mphaka wa munthu wokhalako ku Joni, ndani angadziwe zimene anaphunzira.

CHE JAFALI: Mwaona tsono? Mandasi asanu ndi awiri, Sobo pamwamba, nsima katatu, usipa wanga. Lero mukusangalala kuti wasalala, ndipo kunena zoona anafunika kubwezeretsa thupi. Koma zikapitirira chonchi mpaka chaka chamawa, pofika zaka 12 adzakhala akupuma wefuwefu pokwera chulu. Kunenepa kwa mwana si umboni wa chuma cha agogo.

ANAPHIRI: Ndiye mukufuna ndim'mane chakudya? Anthu adzati chiyani? Amake amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi.

CHE JAFALI: Ndani wati mum'mane? Adye nthawi yake, akhute, ndiwo zamasamba zikhalepo. Beseni la mandasi likwere pamwamba pa kabati. Akafuna chotafuna masana mum'patse chinangwa, nthochi, mtedza. Asambire, amenye mpira mpaka dzuwa kulowa. Mwana wotere kum'tsekera m'nyumba n'kudziputira mavuto.

ANAPHIRI: Chabwino, adokotala a ku Randburg. Mawa ndim'patsa mapilitsi awiri, abwezere masiku amene anaphonya, inu mupume.

CHE JAFALI: Iyayi! Musayerekeze! Mwam'siyitsa nokha, tsono mukufuna kum'yambitsanso nokha, mowirikiza? Mankhwala amenewa amathamangitsa mtima, amakweza BP. Dokotala amayamba wayeza mtima, sikelo ndi msinkhu, amayamba ndi pang'ono, ndipo amayezanso pakapita miyezi. Mwana amene analemberedwa mankhwalawo ku Joni ndi wina, uyu wamasayayu ndi wina.

ANAPHIRI: Ndiye ndiuze amake atumize atsopano pa basi, pamodzi ndi mafuta ophikira.

CHE JAFALI: Mukuyesa ndi Panado? Ku Joni ali m'gulu la mankhwala otetezedwa kwambiri, amati Schedule 6. Dokotala amalemba a masiku 30 basi, akatha mubwerere kwa iye, kalata yakale siigwiranso ntchito. Maiko anagwirizana kale mu 1971 kuti mankhwala otere aziyenda ndi mapepala. Mukufuna mnyamata wa basi akawafotokozere pa Beitbridge, pa Nyamapanda, adutse Tete, akawafotokozerenso pa Mwanza?

ANAPHIRI: Anawapanga ndani mankhwala ovuta chonchi?

CHE JAFALI: Mkulu wina ku Switzerland, Leandro Panizzon, mu 1944. Anawatcha dzina la mkazi wake, Rita.

ANAPHIRI: Mwamuna wachikondi ameneyo. Inu munatchapo chiyani dzina la akazi anu?

CHE JAFALI: Ndikadzapanga mankhwala osowetsa tulo ndidzawatcha dzina lanu.

ANAPHIRI: Chipongwe! Pakhomo panga pomwe!

(Foni ikulira nyimbo yaphokoso. Che Jafali akuvutika kuizimitsa.)

ANAPHIRI: Tadikirani. Nyimbo imeneyo ndimaimva pa foni ya Dalitso. Inu foni yanu ija munkati yatseka, simukutha kulowa pa WhatsApp. Anakukonzerani ndani?

CHE JAFALI: Mnyamata wina.

ANAPHIRI: Mnyamata wake uti?

CHE JAFALI: Mwanayo mutu uli bwino, ndanena kale. Chinthu akachikonda amakhala nacho maola awiri osatukula mutu. Ana a vutoli amatero.

ANAPHIRI: Munam'lipira zingati?

CHE JAFALI: Ndinati atapeko usipa pang'ono.

ANAPHIRI: Munati atapeko!

CHE JAFALI: Tsiku limenelo lokha! Sindinati tsiku lililonse!

ANAPHIRI: Anthuni bwerani mudzamve! Munthu wam'lozera yekha mwana thandala, wam'tsegulira yekha njira, lero wabwera ndi buku! Kwa amakaniki a mafoni ku Kamuzu Road mukanalipira ndalama zingati? Ndiye nkhafi ya malemu, ndiye mabokosi a chakudya a ku Randburg...

CHE JAFALI: Za ku Randburg sizikulowa m'buku lino. Tsitsani mawu, anthu akupita kumjigo.

ANAPHIRI: Amve! Akauze akazi anu!

CHE JAFALI: Chabwino, chabwino. Usipa wa Lachiwiri ndafufuta. Koma mwanayo apite kuchipatala. Tiyambire pa chipatala cha boma ku Salima, tikaonane ndi a zaumoyo wa maganizo.

ANAPHIRI: A maganizo? Mdzukulu wanga si wamisala! Mukufuna am'tumize ku Zomba?

CHE JAFALI: Ndani watchula Zomba? Uku n'kukacheza ndi dokotala, kum'kweza pasikelo, kum'yeza msinkhu, kumva zimene aphunzitsi akudandaula. Akaona kuti pakufunika akatswiri, Lilongwe si patali, kuli Kamuzu Central, kuli a St John of God. Mwina akati abwerere pa mankhwala ndi mlingo wina, azimwa atadya kaye phala lokwanira, chakudya chachikulu azidya madzulo mphamvu yake itatha. Mwina akati ayese kaye popanda mankhwala, aphunzitsi am'khazike kutsogolo, inu muzim'tuma chinthu chimodzi osati zinayi. Zonsezo akanene ndi iwo, osati sutikesi yanu.

ANAPHIRI: Ndipo akam'bwezera pa mankhwalawo n'kuondanso, mudzayankha inu pamjigo.

CHE JAFALI: Mukawauze adokotala zimenezo, kuti mwana ankakana chambo ndipo sankagona. Ndi zimene amafuna kumva. Mukanawauza mu Febuluwale bwenzi mpamba wanga ulipo. Amake mwawauza kuti munabisa kabotolo?

ANAPHIRI: Amake ndinawabala ndine.

CHE JAFALI: Ndiye kuti simunawauze. Madzulo muwaimbire. Atumize pa foni chithunzi cha kalata ya dokotala wa ku Joni. Mutenge kabotolo kaja, buku lake lachipatala, ndi kakalata ka aphunzitsi.

ANAPHIRI: Inu mukupita nawo ngati ndani? Ndinu malume ake?

CHE JAFALI: Ngati mwini tsaya. Komanso inu mukakafika kumeneko mukanena kuti mefili chiyani.

ANAPHIRI: Thiransipoti mulipira ndinu.

CHE JAFALI: Yanga ndilipira. Ya mwana tigawana.

ANAPHIRI: Ya mwana yonse ndi yanu, kuchotsera pa nkhafi. Ndipo mawa sindingathe, kuli Mvano.

CHE JAFALI: Lachisanu ine ndili kumzikiti. Lolemba, 6 koloko m'mawa, pa siteji ya Senga Bay. Mukachedwa ndi kudzola mafuta mukandipeza pamzere kuchipatala.