Mmisiri wa Mipope ndi Zikalata Zake

Mpope wa kubafa kwanga utayamba kudontha usiku ndi usana, ndinaitanitsa pulambala, ndipo panafika munthu wa tayi, chikwama cha zikalata kukhwapa, sipanala alibe.

Asanafunse n'komwe pamene pakudonthapo, anayala pa tebulo chuma chake chonse: setifiketi ya Trade Test giredi 1, imene amisiri amaifikira atakwera giredi 3 ndi giredi 2, kalata yolembetsera ku NCIC, bungwe limene lamulo la 1996 linakhazikitsa kuti liziyang'anira omanga m'dziko muno, chiphaso cha bizinesi, ndi pepala lina la chidindo chachikulu, limene nditaliyang'anitsitsa ndinapeza kuti n'la ubatizo. La ubatizolo lokha ndilo linali ndi dzina lake, enawo anali a alamu ake. Onse anali omatidwa m'pulasitiki, pakuti mwini wakeyo adziwa bwino chimene madzi amachita paliponse pamene iye wagwirapo ntchito.

"Achikulire, mtima m'malo," anatero, "ife ndife a mapepala."

Anabwereka sipanala yanga, natuma mwana wanga kukapempha chubu chakutha kwa okonza njinga, namanga paipi ndi mphira mwa ulemu wonse, nalandira zake, napita. Pakati pa usiku mphira ija inamasula pangano. Madzi amene atungidwa mu Shire ku Walker's Ferry, nayeretsedwa, nakankhidwa ndi magetsi a ndalama zosaneneka kukwera mapiri onse kufikira mu Blantyre, madzi amene amayi a ku Ndirande amawadikira pa kiyosiki tambala asanalire, anadzatsiriza ulendo wawo pansi pa bedi langa, mita ili pa liwiro. Nowa anachenjezedwa, napatsidwa ndi miyeso ya chingalawa. Ine zinandidzutsa ndi nsapato zanga zikugunda chitseko.

Chimene chindiwawa n'chakuti ife a m'tauni tikaona chidindo timagwada, osawerenga ngakhale dzina. Anadzatseka chigumulacho ndi mkulu wina woyandikana nane, amene wakhala akulumikiza mapaipi kuyambira nthawi ya Kamuzu, wopanda pepala ndi limodzi lomwe, amene pa chifukwa chimenecho sangapatsidwe kontirakiti ngakhale ya chimbudzi cha pasukulu.

Dzulo wa tayi uja anabweranso, nagogoda mofatsa, nayamikira kuyera kwa simenti yanga.

"Achikulire," anatero, "mundilembereko kakalata kaumboni. Ngati chidindo mulibe, ndabwera nacho."